Nkhondo ya m'mabuku: nanga wamtengatenga ali patsamba liti?

Funsani aliyense mwa anyamata aja amayala mabuku akale pakhonde la sitolo ku Limbe kapena pafupi ndi msika wa Lilongwe, akuuzani kuti buku la nkhondo silikhalitsa pansi. Likhale lothothoka chikuto, masamba atachita kufiira ndi fumbi, malinga pamwamba pake pajambulidwa ndege yoyaka moto kapena msilikali atagwira mfuti, wina alitola basi. Alistair MacLean, Jack Higgins, Wilbur Smith: maina amenewa ayenda m'zikwama za makalaliki, aphunzitsi ndi madalaivala kwa zaka zambiri, buku limodzi kubwerekana anthu khumi mpaka tsamba lotsiriza kusowa.

Alipo ena ophunzira kwambiri amene amanyoza chilakolako chimenechi. Ati mabuku otere ngongotayitsa nthawi, oyenera kuwerengera m'basi kuti ulendo ufupike. Ine sindili mbali yawo. Wokonda nkhani zopeka za nkhondo zakale ali ndi zifukwa zomveka, ndipo ndi bwino tizitchule tisadayambe kumutsutsa.

Choyamba, pankhondo ndi pamene mtima wa munthu umaonekera poyera. Wamantha, wolimba mtima, wakuba, wachifundo, onse amadziwika imfa ikafika pafupi. Mlembi savutika kufunafuna chosautsa ampangankhani ake, poti nkhondo yamupatsa kale. Chachiwiri, mabukuwa amaphunzitsa mbiri popanda choko kapena chikwapu. Anthu ambiri m'tauni muno adadziwa za Hitler ndi Churchill kudzera m'mabuku a pakhonde la sitolo, osati m'kalasi. Chachitatu, wowerenga wotere ngwatcheru. Mlembi akangopatsa msilikali mfuti yomwe idali isadapangidwe m'chaka chimenecho, kapena akasokoneza udindo wa kaputeni ndi wa sajeni, wowerengayu amamugwira pompo, ndipo samukhululukira. Ndi owerenga angati a nkhani zachikondi amene amafufuza chotere?

Koma pamenepa ndi pamenenso pali msampha. Mlembi akalondola mtundu wa mfuti, tsiku la nkhondo ndi dzina la mtsinje, timayamba kumukhulupirira pa zonse. Timaiwala kufunsa za anthu amene sadawalembe. Buku likhoza kunena zoona patsamba lililonse, koma n'kunama kaamba ka amene lawasiya kunja. Kuti ndionetse zimenezi nditenga nkhondo imodzi yomwe ifeyo sitingainene kuti inali ya eni ake.

Nkhondo ya chiwaya

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, idafika kuno msanga kuposa m'mene ambiri amaganizira. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angelezi yotchedwa Guendolen idaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa nyanja yathu yomweyi, padoko lomwe lero limatchedwa Liuli kutsidya la Tanzania. Pa 9 Seputembala chaka chomwecho kudaphulika nkhondo ku Karonga, ndipo manda a ena mwa amene adafa tsikulo alipobe. Dziko la Tanzania nthawi imeneyo lidali m'manja mwa Ajeremani, tsono ife tidali pamalire penipeni pa moto.

Mkulu wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, adazunguza adani ake zaka zinayi. Mu Novembala 1917 adaoloka mtsinje wa Ruvuma n'kulowa m'Mozambique, kenaka adabwerera, n'kukhotera kumpoto kwa Zambia. Adakagonja ku Abercorn, komwe lero ndi ku Mbala, pa 25 Novembala 1918, patatha masabata awiri mfuti zitaleka kulira ku Ulaya.

Makolo athu adaitcha nkhondo ya chiwaya, kaamba ka mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza. Amene adakazingapo chimanga pachiwaya akudziwa kulira kwake. Katswiri wa mbiri yakale Melvin Page, amene adacheza ndi nkhalamba zomwe zidaona nkhondoyi m'zaka za m'ma 1970, adatenga dzina lomwelo kukhala mutu wa buku lake la mu 2000, The Chiwaya War. Amuna pafupifupi 19,000 a m'Nyasaland adavala yunifolomu, ambiri mwa iwo m'gulu la King's African Rifles, lomwe kumudzi amangoti Keyala. Koma amene adagwira ntchito ya mtengatenga adali pafupifupi 200,000. Taonaninso manambala awiriwo. Pa msilikali mmodzi aliyense, anthu khumi osenza katundu.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Misewu ya galimoto idali yochepa, ndipo nthawi ya dzinja idali matope okhaokha. Akavalo, abulu ndi ng'ombe zinkafa ndi ntchentche za tsetse. Chotsala chidali mutu wa munthu. Ufa, mpunga, zipolopolo, mahema, mankhwala, ngakhale mipando ya mabwana, zonse zinkayenda pamutu, mapaundi 50 kapena kuposa pa munthu mmodzi. Ndipo ulendo ukatalika, wosenza ufa ankadya gawo la ufa womwewo, motero pankafunika ena osenzera chakudya anzawo osenza. Mafumu ankalamulidwa kupereka amuna, amesenjala a boma ankagwira anthu m'midzi, ena ankathawira kumapiri. M'chigawo chonse cha kum'mawa kwa Africa, amtengatenga oposa 90,000 a mbali ya Angelezi adafa, ambiri osati ndi chipolopolo koma ndi kamwazi, malungo, chibayo ndi njala.

John Chilembwe adaziona zikubwera. Mu Novembala 1914 adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti amphawi a dziko lino akuitanidwa kukafera mlandu womwe si wawo, kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Boma lidaitsekereza kalatayo. Pa 23 Januwale 1915 adaukira.

Imeneyo ndiyo nkhondo. Tsono tiyeni tione m'mene alembi a nkhani zopeka adaiphikira.

Africa ngati bwalo la masewero

Oyamba kutchuka nayo adali C.S. Forester ndi buku lake The African Queen la mu 1935, ndi Wilbur Smith ndi Shout at the Devil la mu 1968. Onse awiri adasanduka mafilimu. M'buku la Forester, mzungu wamkazi, mlongo wake wa mmishonale, ndi makaniko wa kaboti atsika mtsinje woopsa kuti akamize sitima ya Ajeremani panyanja. M'buku la Smith, mlenje wa minyanga ya njovu wokonda kachasu alimbana ndi bwanamkubwa wankhanza wachijeremani, mpaka nkhani ikathera pa sitima yankhondo yobisala m'matsiriro a mtsinje wa Rufiji.

Kunena zoona, mabukuwa ngokoma. Ukayamba suona kuti nsima yazizira. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'mabuku amenewa Africa ndi bwalo lomwe azungu abwera kudzaseweramo mpira wawo. Mtsinje, ng'ona, udzudzu ndi munthu wakuda, zonse zili m'gulu limodzi: zinthu zokometsera ulendo wa ngwazi. Ife tikamawerenga timaombera m'manja ngwaziyo, osazindikira kuti uja wangogwa m'madzi pamzere umodzi, katundu ali kumutu, akadatha kukhala agogo athu.

Kuseka kwa Boyd

William Boyd, amene adabadwira ku Accra m'dziko la Ghana mu 1952, ndi mlembi wa mtundu wina. Buku lake An Ice-Cream War la mu 1982 lidafika pa mndandanda wotsiriza wa mphoto ya Booker, ndipo lidayenera. Mutu wakewo ukuseka chiyembekezo cha azungu ena choti nkhondo ya kuno sikhalitsa, poti dzuwa lake likadawasungunula ngati ayisikilimu. Idakhalitsa kuposa ya ku Ulaya.

Boyd salemekeza nkhondo ngakhale pang'ono. Muli Temple Smith, mlimi wa khonje wochokera ku America, amene ali ndi munda kufupi ndi phiri la Kilimanjaro. Nkhondo itayamba, mnansi wake wachijeremani von Bishop amulanda munda, ndipo Smith atha zaka zinayi akusakasaka makina ake opalira khonje ngati munthu wofunafuna mwana wotayika. Muli abale awiri a ku England, Gabriel ndi Felix Cobb. Gabriel avulazidwa n'kugwidwa pa nkhondo ya ku Tanga, pamene Felix watsala kumudzi agwa m'chikondi ndi mlamu wake, mkazi wa Gabriel yemweyo. Manyazi ndi chisoni ndi zomwe zidzamutumize ku Africa kukafuna mbale wake.

Chigawo cha nkhondo ya ku Tanga ndicho mtima wa bukuli. M'mbiri yeniyeni, mu Novembala 1914 Angelezi adatsitsa padokoli asilikali pafupifupi 8,000, ambiri ochokera ku India, ndipo adagonjetsedwa ndi gulu la Ajeremani la anthu pafupifupi 1,000. Ngakhale njuchi zidalowerera, kuluma asilikali a mbali zonse. Boyd akulemba zimenezi kudzera m'maso a munthu mmodzi amene sakudziwa komwe kuli adani, komwe kuli anzake, kapena amene akulamula. Palibe mapu, palibe ulemerero, koma chisokonezo, ludzu ndi mantha. Wowerenga uja wokonda kufufuza mfuti ndi masiku apeza kuti zonse zili m'malo mwake, komabe atuluka m'chigawochi atasiya kusirira yunifolomu. Limenelo ndi luso.

Nanga vuto lili pati? Lili pakuti nthabwala za Boyd ndi za pabanja. Ndi Mngelezi akuseka uchitsiru wa Angelezi anzake, ndipo amaseka bwino zedi. Anthu akuda alimo, ena ali ndi maina, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene mlembi walowa m'mutu mwake monga achitira ndi Felix kapena Gabriel. Tikudziwa zomwe Felix amalota usiku. Sitikudziwa zomwe ankaganiza munthu wosenza hema wake. Buku lonena kuti nkhondoyi idali yopanda nzeru lasiya kunja anthu amene adalipira mtengo waukulu wa kupanda nzeruko. Njovu ziwiri zajambulidwa mwaluso, mpaka makwinya a pakhungu. Udzu wangopakidwa utoto wobiriwira.

Kudekha kwa Gurnah

Padapita zaka 38 kuti titenge buku lina n'kuliika pambali pa la Boyd. Abdulrazak Gurnah, wobadwira ku Zanzibar mu 1948, adatulutsa Afterlives mu 2020, ndipo chaka chotsatira adalandira mphoto ya Nobel. Nkhondo ndi yomweyo, nthaka ndi yomweyo, koma wagwira nyali ndi wina.

Muno muli Ilyas, amene adabedwa ali mwana ndi msilikali, n'kukulira m'manja mwa Ajeremani. Atabwerera apeza mlongo wake Afiya akusungidwa ngati kapolo pakhomo pa eni, amutenga, amuphunzitsa kuwerenga ndi kulemba. Kenaka nkhondo itayandikira, Ilyas alowa usilikali wa Ajeremani mwa kufuna kwake, poti amawakonda ndipo amawakhulupirira. Afiya abwezedwa komwe adachoka, ndipo kumeneko amenyedwa mpaka kuphwanyidwa dzanja pa mlandu wodziwa kulemba. Amupulumutsa ndi Khalifa, kalaliki wa wamalonda wina, bambo wolongolola koma wamtima wabwino.

Mulinso Hamza, mnyamata wofatsa amene walowa usilikali pothawa moyo wina woipa. Mkulu wa asilikali amusankha kukhala wantchito wake, n'kuyamba kumuphunzitsa Chijeremani kuti adzathe kuwerenga Schiller, uku akumunyoza kuti ndi munthu wosatukuka. Ubale wa awiriwa ndi chinthu chovuta kuchitchula dzina: muli chikondi, muli chipongwe, muli umwini ngati wa munthu ndi galu wake. Nkhondo ili pafupi kutha, Mjeremani wina amene ankadana naye amutema koopsa, ndipo Hamza achira pa mishoni ina, n'kubwerera kutauni ya m'mbali mwa nyanja ali wotsimphina, wopanda kanthu m'thumba.

Apa ndi pamene owerenga ena a mabuku ankhondo amaliponya pansi bukuli. Ati mfuti zatha msanga, kwatsala nkhani ya ukalipentala ndi ukwati. Eetu, n'zoona: pafupifupi theka la bukuli likukamba za m'mene Hamza adaphunzirira kupala matabwa, m'mene adakumanirana ndi Afiya, m'mene ankadzidzimukira usiku ndi maloto oipa. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Gurnah akutiuza kuti kwa munthu wamba nkhondo sithera tsiku lomwe akuluakulu asainirana pepala. Imapitirira m'chiuno chopweteka, m'tulo tosagoneka, mwa mlongo amene wadikira kalata zaka makumi osadziwa ngati mbale wake ali moyo. Limeneli ndi buku la nkhondo ndithu, kungoti likuwerenga mabala m'malo mowerenga zipolopolo.

Chinanso chomwe ndimamutamira Gurnah n'choti sadasandutse anthu akuda kukhala angelo. Asilikali ake achikuda ngonyada, ngankhanza, amaotcha midzi ndi kulanda chakudya cha anthu osauka, monga adachitira pothetsa kuukira kwa Maji Maji pakati pa 1905 ndi 1907. Ilyas sadagwidwe ndi mesenjala, adapita yekha. Mlembi wofuna kutisangalatsa akadabisa zimenezi.

Zofooka zilipo. Nthawi zina Gurnah amasiya ampangankhani ake n'kuyamba kufotokoza mbiri ngati mphunzitsi amene waona kuti belu latsala pang'ono kulira. Mathero ake ngothamanga: zaka zambirimbiri, ulendo wa ku Germany, ndi tsoka lomwe lidamugwera Ilyas m'ndende ya chipani cha Nazi ya Sachsenhausen, zonse zapanikizidwa m'masamba owerengeka. Nkhani imene ikadakhala buku payokha yaperekedwa ngati lipoti.

Ndipo chachikulu pa nkhani yathu ino: ngakhale kwa Gurnah, wamtengatenga akadali m'mphepete. Amamuona, inde, kuposa m'mene Boyd adamuonera. Akutionetsa m'mene asilikali ankawanyozera osenza katundu, m'mene ankavutikira, m'mene ankathawira. Koma akadali gulu. Hamza ndi msilikali, wodziwa chilankhulo cha bwana. Nyali yasuntha kuchoka pa mzungu kufika pa msilikali wakuda. Siidafikebe pa munthu wa kumapeto kwa mzere, wopanda nsapato, wopanda mfuti, amene sadafunsidwe n'komwe ngati akufuna kupita.

Ntchito yotsala

Sindikunena kuti Boyd kapena Gurnah adatilakwira. Aliyense adalima munda wake, ndipo mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa. Koma sitingayembekeze kuti mlendo atimete mutu wonse. Munthu uja adachoka ku Ntcheu kapena ku Dowa, adakwezedwa sitima ya panyanja kupita kumpoto, n'kukwera mapiri ozizira a kutsidya atasenza bokosi la zipolopolo, ankaganiza m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka, m'Chitonga. Ankadera nkhawa munda womwe adausiya wosapalira ndi msonkho womwe unkamudikira. Atabwerera, ngati adabwerera, adapeza chimfine choopsa cha 1918 chikusesa midzi. Nkhani imeneyi ili ndi zonse zomwe wokonda mabuku ankhondo amafuna: ulendo, ngozi, kuthawa usiku, ubwenzi, chiwembu. Chikusowa n'chiyani kuti alembi athu aigwire ndi manja awiri?

Zipangizo zilipo. Ku Zomba kuli nsanja ya chikumbutso cha asilikali a Keyala. Ku Karonga kuli manda. Mawu a nkhalamba zija adalembedwa zisadamwalire. Ndipo koposa zonse, anthu wamba adayamba kale kuisandutsa nkhondoyi kukhala luso, alembi tisadadzuke. Pitani ku Nkhata Bay mukaone malipenga, kapena ku Mangochi mukaone beni. Amuna avala zoyera kapena za khaki, afola pamzere, wina akulamula ngati sajeni, zikho zikulira ngati malipenga a bandi ya asilikali. Muli kusirira, mulinso kuseka. Ovinawo adatenga perete wa bwana n'kumupinda kuti akwane m'chiuno mwawo. Ndicho chimene buku labwino la nkhondo liyenera kuchita ndi mbiri.

Kwa alembi anzanga, chenjezo limodzi. Mukaigwira nkhaniyi musaiphike ngati ulaliki. Wowerenga wa pakhonde la sitolo uja sagula buku kaamba kokonda dziko lake, amagula kuti asagone. Mukamupatsa wamtengatenga wongolira kuyambira tsamba loyamba mpaka lotsiriza, abwerera kwa Wilbur Smith, ndipo sindimudzudzula. Mupatseni munthu wamoyo: wabodza pang'ono, wanthabwala, amene amaba shuga m'katundu wa bwana, amene ali ndi chibwenzi kumudzi chomwe akuopa kuti chikwatiwa. Ndipo mulondole zinthu zing'onozing'ono, kulemera kwa katundu, mtunda wa tsiku limodzi, dzina la doko, chifukwa wowerengayu adzakugwirani mukanama, monga amagwirira azungu.

Kwa inu owerenga, pitirizani kuwakonda mabuku amenewa. Gulani, bwerekanani, tsutsanani za mfuti ndi masiku. Werengani Boyd kuti museke, werengani Gurnah kuti mukhale chete pang'ono. Koma pa mafunso anu aja onjezerani limodzi. Ngwazi ikafika pamsasa madzulo, hema ali chiimire, tiyi ali pamoto, zipolopolo zili m'bokosi, imani kaye mufunse kuti zonsezi zafika bwanji pamenepo, ndipo wazisenzayo wagona pati.